Wothyola Tiyi wa Pasikirini

Amalume anabwera ndi nkhaniyo Lachitatu masana, mvula itangokata. Anali kapitawo pa esiteti yomwe amayi ankathyola tiyi, ndipo ankalankhula kunyumba monga ankalankhulira kumunda, mokweza ndi mosayembekezera yankho. Anati andipezera ntchito. Tiyi anali ataphukira kwambiri ndi mvula ya Disembala, kusikelo yoyezera tiyi kunkafunika kalaliki wina, ndipo iwo anali atalankhula kale ndi akuofesi. Chotsala chinali kuti ine ndikaonekere Lolemba m'mawa, nditavala bwino.

Ine ndinali nditangotha chaka choyamba pa kakoleji kena ku Limbe, komwe ndinkaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ndinkayenera kubwerera mu Januwale. Ndinawauza zimenezo ndi mawu okwera kuposa amene mwana wamkazi amayenera kuyankhira amalume ake. Iwo sanandiyang'ane. Anayang'ana amayi.

"Achemwali, ntchito ili m'manja iyi. Za makompyutazo ndani anadyapo? Munthu amangokhala pakhonde, kugogoda, kugogoda, ngati akusankha nyemba. Chimatuluka n'chiyani?"

Kwathu mawu a amalume ndi olemera, ndipo abambo anali atamwalira kalekale, choncho ndinadziwa kuti amayi akangogwedeza mutu, za ku Limbe zatha. Amayi anapukuta manja pa chitenje, n'kunena kuti nawonso sanaonepo chomwe chimatuluka, koma sangakane chinthu asanachione. Anati Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndiwaonetse onse awiri. Ngati ndi ntchito, ndibwerera kusukulu. Ngati ndi chibwana, ndipita kusikelo.

Vuto linali lakuti chomwe ndinali nacho choonetsa chinali gemu. Aphunzitsi athu anatipatsa ntchito ya patchuthi yakuti aliyense alembe kagemu koseweredwa pa sikirini yakuda, popanda chithunzi chilichonse, zilembo zokhazokha. Zinandikomera, chifukwa laputopu yanga sikanatha zoposa pamenepo. Inali yakale, yolemera ngati mwala wophikira, chivundikiro chake chinali chothyoka moti ndinkachitsamiritsa pa chitini cha shuga, ndipo batire lake linkangokhala ola limodzi ndi theka. Kumalaini kwathu, ku nyumba za antchito a pa esiteti, kunalibe magetsi. Ndinkaitchaja kwa wometa tsitsi pa msika wa kumtunda, kenako n'kutsika nayo mothamanga kuti ola ndi theka lija ndikalidyere pakhonde.

Anzanga ankalemba za njoka zodya mazira ndi za ndege zowomberana. Ine ndinalemba za munda wa tiyi, chifukwa ukatsegula chitseko chathu ndi umene unkauona mpaka kuphiri. Wothyola wanga anali chizindikiro cha @, kamunthu kozungulira ngati kasenza dengu kumsana. Nsonga ya tiyi inali Y, poti imaoneka ngati timasamba tiwiri pa kaphesi. Mpanda wa mitengo ya bulugama unali #, sikelo inali S, ndipo kapitawo anali K, yemwe ankayendayenda yekha m'mizere, akakupeza n'kukugwira. Ndivomere kuti K ndinamuwonjezera Lachitatu lomwelo amalume atangochoka, ndipo ndinamulemba ndikumwetulira.

Wothyola uja analibe mapu m'mutu. Ankadziwa za munda poyang'ana pa sikirini pomwepo, monga momwe ine ndinkayang'anira. Ndikadina batani lakumanja, asanasunthe, pulogalamu inkawerenga chilembo chomwe chili kumanja kwake, n'kuchiyerekeza ndi zilembo zomwe ndinamuuza. Ngati ndi #, aime. Ngati ndi Y, athyole, aike mudengu. Ngati ndi S, akhuthule. Ngati ndi K, wagwidwa. Ngati ndi china chilichonse, imeneyo ndi njira, apondepo apitirire. Ndinkanyadira kwambiri mizere isanu imeneyi, ndipo nthawi zina ndinkangoiwerenga mokweza ngati ndakatulo. Mzere wachisanuwo ndi umene unadzandichititsa manyazi.

Lachisanu amayi atabwera kumunda ndinalephera kupirira, ndinawaitana kuti asuzumire pang'ono. Anawerama, dengu likadali kumsana, n'kuyang'ana kwa nthawi. Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma zilembo amazidziwa. Ndinayendetsa @ uja, n'kuthyola Y atatu, ndikuyembekezera kuti adabwa.

"Tiyi ameneyu ndi wa kuti? Woyera ngati ufa chonchi? Iwe unabadwira pano, tiyi woyera unamuona kuti?"

Anapita kukavula mabuti, ine n'kutsala ndikutukutira. Koma anali atanena zoona. Munda wonse unali zilembo zoyera pa mdima. Loweruka ndinakwera kumsika, ndinatchaja, ndinatsika, n'kuyamba kupaka. Y aliyense ndinamupatsa mtundu wobiriwira, mpanda wachikasu, sikelo yabuluu, ndipo kapitawo ndinamupaka wofiira kwambiri. Nditayatsa, mtima wanga unadumpha. Munda unabiriwira pa sikirini kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ndinakuwa ndekha pakhonde mpaka nkhuku zinabalalika. Ndisanadine batani ngakhale limodzi, batire linatha. Sindinadandaule. Ndinati ndangosintha utoto, palibe china chomwe ndakhudza, ndiye chingalakwike n'chiyani? Lamulungu ndinasiya laputopu kwa wometa popita kutchalitchi, n'kuitenga pobwerera, ndipo ulaliki wonse sindinaumve chifukwa ndinali kukonza mawu oti ndidzanene amalume akagonja.

Kumalaini kulibe chinsinsi. Pofika ndinapeza pakhonde pathu padzaza. Mayi wa khomo loyandikana nafe, yemwe ankathyola m'gulu limodzi ndi amayi ndipo kuseka kwake kunkamveka kufakitale, anali atauza aliyense kuti mwana wa mnzawo waika esiteti yonse mu wayilesi ya kanema. Amayi ena asanu kapena asanu ndi mmodzi anali atakhala pamphasa ndi zovala zawo za kutchalitchi. Amalume anali pampando, manja atapinda.

Ndinayatsa. Munda wobiriwira utaoneka, onse anati "Eee!" pamodzi, ndipo ine ndinatupa ngati chule. Ndinafotokoza zilembo chimodzichimodzi. Nditafika pa K wofiira ndi kunena kuti ameneyu ndi kapitawo, amayi a pamphasa anayamba kutsinana, amalume n'kutsokomola. Kenako ndinati, "Taonani mmene akuthyolera," n'kudina batani.

Wothyola wanga sanathyole. Anangoponda pa Y woyamba, Y uja n'kuzimiririka, koma dengu linakhalabe lopanda kanthu. Ndinadinanso. Anaponda wachiwiri, wachitatu, wachinayi, akusiya kumbuyo kwake mseu wakuda pakati pa munda. Ndinatembenukira kusikelo kuti mwina akafika kumeneko zikonzeka, koma sikelo nayo anaiponda, inasowa. Thukuta linayamba kutsika kumsana. Pamenepo K wofiira anatulukira mumzere, akubwera molunjika, ndipo ndinaganiza kuti bola andigwire, gemu ithe mwaulemu. Wothyola wanga anamuponda pamutu kapitawo, ndipo kapitawo anatha pomwepo.

Mayi woyandikana nafe uja anagwa chagada pamphasa. "Wamudya! Wamudya kapitawo! Mayo ine, bwerezanso, mwanawe, bwerezanso!" Enawo anali akugwira nthiti, wina akupukuta misozi ndi mpango wa kwaya, wina akuti amubwereke wothyola ameneyu mawa kumunda nambala seveni. Ine chala chinali chitauma pa batani. Kamunthu kanga kanadutsa mpanda wa bulugama ngati palibe, kanafika kumapeto kwa sikirini, kanatuluka, ndipo pulogalamu inafa n'kusiya mawu achingerezi ofotokoza kuti zavuta.

Amalume anaimirira mwapang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anangoti, "Mwaona, achemwali. Chaka chathunthu ku Limbe, kuphunzira kufafaniza munda. Mawa seveni koloko ndimupeze kuofesi." Anachoka, alendo nawonso anabalalika akusekabe, ndipo ndinkawamva mpaka kumpopi akubwereza za kapitawo wodyedwa.

Ndinalira, koma kunali kulira kwa ukali. Batire linali likadalipo pang'ono, ndipo ndinalumbira kuti ngakhale ndipite kusikelo, ndipita nditadziwa chomwe chandipereka. Amayi sanalowe m'nyumba. Anakhala pampando womwe amalume anasiya, akundiyang'ana ndikugogoda ndi mphuno yotuluka mamina. Ndinalemba kamzere kakuti pulogalamu izindionetsa pansi pa sikirini chomwe wothyola akuwerenga asanaponde. Kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala, ndipo ndinkadziwa pamtima kuti Y ndi 89. Ndinamuimika wothyola pafupi ndi Y wobiriwira, n'kudina. Panatuluka 345.

Ndinayang'ana nambalayo, kenako ndinayamba kuseka misozi ikadali m'masaya. Zinali zopusa kwambiri. Pulogalamu ikawerenga pa sikirini, sibweza chilembo chokha. Imabweza chilembo ndi utoto wake zitamatirana mu nambala imodzi. Munda uli woyera panalibe utoto womatirira, choncho Y anali 89 ndipo zonse zinkayenda. Nditapaka, wothyola ankafunsa kuti, kodi ichi ndi 89? Ayi. Ndi mpanda? Ayi. Ndi kapitawo? Ayi. Ndiye kuti ndi njira. Munda wonse, sikelo ndi kapitawo yemwe, kwa iye zinali njira.

Amayi anafunsa chomwe ndikuseka, ndipo ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Ndinati kamunthuka kamaona chilembo ndi mtundu nthawi imodzi, ndiye Y wobiriwira kakumuyesa chinthu china, osati Y yemwe ndinakauza. Ndinati mankhwala ake ndi ochepa, mzere umodzi wokha, wosefa utoto n'kuutaya kuti patsale chilembo. Kakatero sikadzaonanso mtundu uliwonse, kazingothyola Y aliyense.

"Ukachite chiyani?" anatero amayi.

"Ndikachititse khungu pa mitundu, amayi. Kazingoona chilembo."

"Iwe! Kamunthu kali ndi maso, iwe ukufuna ukabowole? Wothyola wosaona mtundu ndi wothyola ameneyo? Imeneyo ndi mbuzi. Mbuzi ndi imene imadya tsamba lililonse."

Ndinati tiyi ndi tiyi, yense ndi wobiriwira. Amayi anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ananena mawu angapo m'Chilomwe, chimene amachita akadabwa kwambiri, kenako anati mawa sindipita kuofesi, ndipita nawo kumunda.

Apa ndiyenera kuulula chinthu chochititsa manyazi. Ndinabadwira pa esiteti, ndinakulira m'fungo la fakitale, koma ndinali ndisanathyolepo tiyi ngakhale tsiku limodzi. Amayi sankalola. Ankati manja anga ndi a cholembera, ndipo anzanga akamapita kukathandiza makolo awo patchuthi, ine ndinkatsala ndi mabuku. Choncho munda ndinkaudziwa mmene amaudziwira munthu wodutsa pa minibasi, kapeti wobiriwira wokongola. Lolemba limenelo anandimanga pulasitiki m'chiuno kuti mame asandinyowetse, anandipachika dengu lakale, n'kundilowetsa mumzere.

Anandiuza kuti ndiyang'ane tebulo, kutanthauza pamwamba pa tchire la tiyi pomwe pamadulidwa mofanana. Ndinati ndikuona zobiriwira. Anati ndiyang'anenso. Anakhudza nsonga ina yowala, yonkera ku chikasu, yofewa, timasamba tiwiri ndi kamphukira pakati, n'kunena kuti uyu ndiye wa lero. Anakhudza tsamba lina pansi pake, lobiriwira moderako, lolimba, lonyezimira, n'kunena kuti ili ndi mayi wa tchire, ndi limene limadyetsa mtengo, ukalithyola wawononga kawiri, dengu lako likakanidwa kusikelo ndipo tchire lichedwa kuphukira. Anandionetsa ina yaing'ono kwambiri, yoti uidikire mpaka ulendo wotsatira. Anandionetsa ina yomwe inali yabwino sabata yatha koma wothyola wina anaidumpha, tsopano yada, yakhwima, yapita. Mmene ankalankhula manja awo onse awiri anali akuyenda okha pamwamba pa tebulo, kuthyola, kuthyola, kuponya kumsana, osayang'ana n'komwe dengu.

Ine ndinathyola kwa ola limodzi ndi mtima wonse. Amayi anatsitsa dengu langa, anakhuthulira pa chiguduli, n'kuyamba kusankha. Mulu wa zoipa unaposa wa zabwino. Mayi woyandikana nafe, ali mzere wachitatu kuchokera pomwe tinali, anakuwa kuti, "Musamukalipire, anzanga, ameneyo ndi uja amadya makapitawo!" Gulu lonse linaphulikanso, ndipo nthawi ino nanenso ndinaseka, chifukwa ndinali nditayamba kuona. Munda womwe m'mawa unali mtundu umodzi tsopano unali ndi mawanga, apa powala, apo pakuda, ndipo maso anga ankathamangira powala okha.

Amalume anatipeza cha m'ma naini, atandidikira kuofesi mpaka kutopa. Anafika nkhope itakwinyika, koma amayi anawalonjera mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Achimwene, mwati akakhale kusikelo. Kalaliki wosadziwa tsamba akalandira chiyani kumeneko? Angakuchititseni manyazi. Ndimuphunzitse kaye sabata ino, Loweruka mudzabwere kunyumba." Amalume anayang'ana mulu wanga wa masamba oipa. Anati Loweruka, osapitirira.

Sabata imeneyo ndi imene ndinasangalala kwambiri pa moyo wanga wonse wa pa esiteti. M'mawa ndinkapita kumunda ndi amayi, laputopu ili kwa wometa. Masana ndinkakaitenga, n'kukhala pakhonde zala zikuwawa. Sindinataye utoto uja. M'malo mwa sefa imodzi ndinalemba ziwiri. Wothyola akawerenga chomwe chili kutsogolo kwake, sefa yoyamba inkachotsa utoto kuti adziwe chilembo, ngati ndi mpanda, sikelo, kapitawo kapena tiyi. Akapeza kuti ndi Y, sefa yachiwiri inkachotsa chilembo kuti patsale utoto, adziwe ngati ndi wowala kapena wakuda. Wowala ankalowa mudengu ngati tsamba labwino. Wakuda ankalowanso, poti dzanja la munthu silikanizidwa kulakwa, koma akachuluka sikelo inkakana dengu lonse. Ndinasinthanso mzere wachisanu uja: chinthu chimene sakuchidziwa asamachiyese njira, aziima.

Lachiwiri madzulo dzuwa lisanalowe ndinayesa koyamba. Kamunthu kanga kanafika pa Y wowala, kanathyola, nambala ya dengu pa sikirini inati wani. Kanafika pampanda, kanaima. Ndinakagunditsa pampanda kakhumi konse chifukwa chongosangalala kuti kakuima. Ndinadzuka n'kuvina pakhonde, ndinagunda chitini cha shuga, chivundikiro cha laputopu chinagwa chagada, ndipo amayi anatuluka ndi chipande m'manja akuganiza kuti ndalumidwa ndi chinthu.

Kuyambira tsiku limenelo gemu inasiya kukhala yanga. Amayi akabwera kumunda sankayamba ndi kusamba, ankayamba ndi kuyendera munda wa pasikirini, ndipo sankasowa cholakwika. Anati pomwe wathyola pasamakhale mpaka kalekale popanda kanthu, paziphukiranso pakapita nthawi. Ndinalemba. Anati wowala ukamusiya azida. Ndinalemba. Anati akuda msanga kwambiri, tiyi sakhwima ngati bowa, ndichepetse liwiro. Ndinachepetsa. Anati pomwe wathyola tsamba lakuda pazichedwa kuphukira kuposa pena. Ine ndinkafunsa mafunso ngati wapolisi, ndi kope pamwendo: nanga mvula ikagwa, nanga mukadumpha mzere, nanga mumayambira kuti munda ukakhala waukulu? Iwo ankayankha motalika, nthawi zina akuimirira kuti andionetse ndi manja. Ndinali ndisanawamvepo amayi akulankhula nthawi yaitali chotero za chinthu chilichonse. Ndiwo zinapserera kawiri sabata imeneyo.

Lachinayi anati ndisunthe, ayese okha. Zala zawo ndi zolimba, zong'aluka m'mphepete, zakuda ndi utomoni wa tiyi, ndipo poyamba ankadina ngati akupha nsikidzi, moti ndinkaopera mabatani anga. Anakananso kusewera ndi dzanja limodzi. Anati munthu sathyola ndi dzanja limodzi ngati wodwala, choncho ndinagawa mabatani, awiri kumanzere, awiri kumanja. Atazolowera, anayamba kulankhula ndi kamunthuko. "Osati uyo, wada uyo. Pita uko. Fulumira, akubwera achimwene!" K wofiira anali atasanduka achimwene, ndipo palibe chomwe ndikanachita.

Loweruka masana khonde linadzaza kuposa poyamba, chifukwa anthu ankayembekezera kuona kapitawo akudyedwanso. Ine mtima unali m'mwamba. Ndinali nditayesa gemuyo maulendo osawerengeka, choncho ndinangotsamiritsa chivundikiro n'kuyatsa. Amalume atakhala, amayi anati, "Achimwene, inu ndinu akatswiri a munda. Yambani ndinu." Amalume anakana, amayi a pamphasa anawakakamiza, ndipo pomaliza anakoka mpando, ndinawaonetsa mabatani, n'kuyamba ndi chala chimodzi.

Anathyola ngati munthu wosesa pabwalo. Y aliyense amene anali panjira, wowala, wakuda, onse mudengu. Dengu linadzaza msanga, ndipo anatiyang'ana monyadira akupita kusikelo. Atafika pa S, pansi pa sikirini panatuluka mawu omwe amayi anandiuza kuti ndilembe, omwe makapitawo amanena tsiku ndi tsiku: TSAMBA LOIPA, KASANKHENI. Mayi woyandikana nafe anawerenga mokweza, mwa mawu a amalume enieniwo. Amalume anaima pamenepo akutsutsa kuti makinawa ali ndi tsankho, ndipo ali mkati motsutsa, K wofiira anatulukira kumbuyo kwawo n'kuwagwira chifukwa choima pa nthawi ya ntchito.

Sindingathe kufotokoza phokoso lomwe linabuka. Wina anathamanga mpaka pa msewu n'kubwerera. Wina ankamenya mphasa ndi manja. Amalume anayesa kulimbitsa nkhope, koma mapewa anayamba kugwedezeka, kenako anaphulika nawo, akuti, "Ameneyu ndi kapitawo weniweni, alibe chibale!" Anapempha kubwereza. Ulendo wachiwiri anasankha bwino pang'ono, chifukwa nawonso anayamba ndi dengu asanakhale kapitawo, koma anachedwa kwambiri moti theka la munda linada akuyang'ana.

Kenako anakhala amayi. Anaika manja onse awiri pa mabatani, ndipo phokoso linatha lokha. Kamunthu kaja kanayenda mumzere, kutsika, kukwera, kudumpha wakuda, kutola wowala, kusiya pomwe pangothyoledwa, kukhuthula, kubwerera kuyambira mbali yomwe inatsala. K wofiira ankangozungulira osapeza womugwira. Amayi a pamphasa anasendera pafupi, akuloza, akulangiza, "Kumunsi uko, anzanga, kwaphukira!" ndipo ndinaona kuti palibe amene akuonanso zilembo. Onse anali kumunda. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikumva chimwemwe chokhala ngati chizungulire, moti ndinagwira mzati wa khonde.

Dengu lachinayi litalandiridwa, amalume anakanda kukhosi. "Chabwino, taseka. Koma achemwali, akuofesi akudikira yankho langa. Gemu ndi gemu. Mukuti bwanji?"

Amayi anachotsa manja pa mabatani n'kuwaika pamiyendo. Analankhula motsitsa, moti a kumbuyo anachita kuwerama.

"Achimwene, ine ndinayamba kuthyola pano mwanayu asanabadwe. Makalaliki angati adutsa kusikelo kuja? Onse amayang'ana dengu, sayang'ana ine. Inunso mumayang'ana dengu. Zaka zonsezi palibe munthu ngakhale mmodzi amene anandifunsapo kuti, mayi, mumadziwa bwanji tsamba loti muthyole? Uyu wandifunsa. Wandifunsa sabata yathunthu, walemba zomwe ndanena, ndipo makina andimvera. Ndiye ndimutenge ndikamuike poyang'ana madengu? Ayi. Abwerere kusukulu."

Mayi woyandikana nafe ankangoyang'ana zala zake. Amalume anasisita bondo, kenako anati akawauza akuofesi kuti apeze wina, ndipo anawonjezera, akundiloza, kuti ndikakhoze, chifukwa awononga mawu awo kwa mabwana chifukwa cha ine.

Ndinafuna kuwagwira amayi, kuwathokoza, kunena chinachake chachikulu, koma misozi inali ikutsika. Iwo sanandiyang'ane n'komwe. Gemu inali ikuyendabe nthawi yonse imene ankalankhula, ndipo anali atabweza kale manja pa mabatani, akudandaula kuti tawachedwetsa, tiyi wa kumunsi wayamba kuda.